Kapu ya Madzi Pakati pa Mipando

Dzina lawo lenileni lilipo, linalembedwa pa chiphaso choyendetsera galimoto, koma mukalitchula mumsewu muja anthu angokuyang'anani. Nenani kuti mukufuna a Kapu. Apo ngakhale telala wa pakona, amene sadzutsa mutu pa makina ake, akulozerani ndi chibwano: geti la buluu, galaja ili kuseri kwa nyumba.

Dzinalo linachokera pa kagwiridwe kawo ka ntchito. Amakaniko ena ukawabweretsera galimoto yonjenjemera amayamba n'kutsegula boneti, n'kumapukusa mutu ngati afika pamaliro. A Kapu ayi. Iwo ankatenga kapu ya galasi, kuthiramo madzi mpaka kutsala pang'ono kudzaza, n'kuikhazika pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, pa kamtunda kaja kali kuseri kwa giya. Kenako ankati, "Tiyeni tiyende." Mwini galimoto ankayendetsa, iwo maso ali pa madzi. Madzi akavina ponyamuka, ankadziwa china. Akadikira mpaka muvi wa liwiro utafika pa sikisite, ankadziwa chinanso. Pobwerera ku galaja ankakhala atadziwa kale sipanala yoti atenge, ndipo madzi aja ankangomwa, poti kutaya madzi sankafuna.

Pansi pa kamtunda kaja ndi pamene pamadutsa shafiti, chitsulo chachitali ngati paipi chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi n'kukapereka ku matayala akumbuyo. Magalimoto akale ambiri ndi otero. Giyabokosi imathera ndi zala zitatu zachitsulo, shafiti imayamba ndi zala zitatu, ndipo pakati pa zalazo pamakhala mphira yakuda, yozungulira, kukula kwake ngati sosala, ya mabowo asanu ndi limodzi. Mabawuti atatu amagwira uku, atatu uko. Chitsulo sichikhudza chitsulo chinzake. Ukali wonse wa injini umathera mu mphirayo, okwera n'kumangocheza osadziwa kanthu. A Kapu ankaikonda mphira imeneyi kuposa china chilichonse m'galimoto, ndipo ankakwiya akaona makaniko woimanga mwachisawawa.

Zaka makumi anayi ndi zisanu anazithera chagada, pa katoni, mphuno ili pafupi ndi mimba ya galimoto. Munthu ukagona chagada tsiku lonse maganizo sakhala pamodzi, amayendayenda. M'madontho a oyilo ndi m'dzimbiri iwo ankaonamo mitsinje, zigwa, misewu yopita kutali kumene sanafikeko. Manja ankamasula mabawuti okha, mwini wake ali ulendo. Makasitomala anazolowera kulankhula ndi mapazi awo, ndipo nthawi zina mapaziwo ankayankha funso lakale, lomwe linafunsidwa m'mawa.

Akazi awo anawapeza kutsidya kwa msewu. Masiku amenewo mayiwo anali mtsikana wokonza tsitsi mu saluni, wa zikhadabo zofiira psuu ndi pakamwa posachedwa kuyankha. Mnyamata wa pa galaja anapita kukapempha madzi othira m'kapu yake, n'kusiya zala zisanu za girizi zakuda bii pa chitseko choyera cha saluniyo. "A Girizi," anatero mtsikanayo, "mubwere ndi sopo mudzachotse siginecha yanuyi." Anabweradi ndi sopo. Mawa lake anadetsanso chitseko chija dala. Chichokere tsiku limenelo dziko lonse linkati a Kapu, koma m'nyumba mwawo anali a Girizi, pokondana ngakhale pokangana.

Galimoto yawo anaigula kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anali atatopa nayo. Inali yaikulu, ya zitseko zinayi, yotuwa ngati tiyi wamkaka, mipando yake yofewa moti munthu ukakhala unkachita ulesi kutsika. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo amene anabereka, anaphunzirira kuyenda atagwira bampala yake.

Tsopano apa ndi pamene nkhani imandiwawa kuinena. Zaka zitatu zapitazo mayi aja anayamba kuiwala. Poyamba zinali zoseketsa: makiyi mufiriji, sopo m'kabati ya mbale. Kenako anataya mayina a anthu oyandikana nawo. Kenako anataya amuna awo. M'mawa ankawaona ngati bambo wina waulemu wothandiza pakhomo, n'kumawathokoza akawapatsa madzi osamba. Koma ikangokwana fili koloko masana, chinachake chinkawadzuka mumtima. Ankavala nsapato, kunyamula chikwama cha m'manja, n'kukaima pageti.

"Ndikufuna kupita kwathu," ankatero, atafulatira nyumba imene anakhalamo zaka makumi anayi.

Ukawauza kuti kwanu ndi konkuno ankalira, kugwedeza geti mpaka manja kutupa. Mankhwala a kuchipatala ankangowalemeretsa maso, mtima osaugwira. Chimene chinagwira ntchito anachitulukira a Kapu okha. Ankavala chipewa, kutulutsa galimoto, kutsegula chitseko chakutsogolo n'kunena kuti, "Kwerani, amayi." Mayiwo ankakwera mwaulemu wake, chikwama pamiyendo.

"Muyendetse bwino, a dalaivala."

Ankadutsa pamsika, kulowa pansi pa mlatho wa sitima, n'kutulukira mumsewu wautali wa mitengo mbali zonse ziwiri. Kumeneko a Kapu ankaika muvi pa sikisite n'kuusiya pomwepo. Mithunzi ya mitengo inkadutsa pankhope ya mayiwo umodzi umodzi, galimoto ikuyenda myaa ngati siikugunda pansi, ndipo asanafike pa thanki yaikulu ya madzi mutu unkakhala utagwera pa galasi. Ankazungulira pa thankipo n'kubwerera. Pageti la buluu mayiwo ankadzuka. "Tafika?" "Tafika, amayi." Ndipo ankalowa m'nyumba yomwe ija, mtima uli m'malo, n'kumayamikira kuti kwawo n'kwabwino.

Koma amakaniko, abale inu! Galimoto ya mwini amaikonza lero, yawo amati mawa. Kwa milungu ingapo a Kapu ankamva kuti gu pansi pa mpando akamanyamuka. Ankadziwa bwino lomwe kuti ndi mphira ija ikudandaula. Ankati ndiona Loweruka, Loweruka n'kudutsa. Ndiye Lachiwiri lina, ali pakati pa mitengo paja, galimoto inayamba kunjenjemera yonse, chiwongolero, mipando, magalasi. Mayi aja anadzidzimuka kutulo osadziwa kuti ali kuti, ali ndi yani. Anakuwa, n'kutsegula chitseko galimoto ikuyenda. Mwayi wake a Kapu anaponda buleki msanga. Mayiwo anagwera pa udzu, bondo n'kusupuka.

Mwana wawo, yemwe tsopano ndi namwino m'tauni ina, anafika mawa lake. Anatsuka bondo la amayi ake, kulimanga bwinobwino, kenako anawapeza abambo ake m'galaja akuchotsa chotsegulira chitseko cha m'kati.

"Ababa, nkhani si chitseko," anatero. "Nkhani ndi mantha amene amayi anachita. Galimoto iyi ndi ine tinakulira limodzi. Yatopa. Inunso mwatopa."

"Sinatope, mwanawe. Ndi mphira imodzi basi."

"Lamlungu ndibweranso, ndidzakwera nanu. Ikadzangonjenjemera, amayi ndikupita nawo kwanga. Mundikhululukire, ababa, koma ndatsimikiza."

Sanali mwana woipa, ndipo a Kapu ankadziwa zimenezo. Koma ankadziwanso kwawo kwa mwanayo: nyumba ya m'mwamba, masitepe osatha, chitseko cha maloko awiri, windo loyang'ana madenga a anthu. Ankawaona kale akazi awo ataima pa chitseko chokiyacho fili koloko iliyonse, chikwama m'manja, popanda dalaivala wobwera. Ankadzionanso iwo eni atatsala ndi mipando iwiri pakhonde. Anachita mantha amene sanawachitepo pansi pa galimoto iliyonse.

Mphira yatsopano inavuta kupeza. Wogulitsa masipeya anaseka atamva chaka cha galimotoyo, nati zoterezo n'zofunsa kosungira zinthu zakale, komabe anayesetsa, ndipo Loweruka m'mawa anaitulutsa m'kabokosi kafumbi. Masiku onse apakatiwo geti la buluu linkagwedezeka masana aliwonse, msewu wonse ukumva.

Loweruka limenelo mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, anabwera kudzakhala ndi mkulu wake. A Kapu anakweza galimoto pa jeke, kuikhazika pa zitsulo zinayi zochirikizira, kuyala katoni, n'kulowa pansi pang'onopang'ono, msana ukutsutsa. Anachotsa paipi ya ekizozi, ija yotulutsa utsi, kuti aone bwino. Ataunika ndi tochi anachita manyazi. Mphira inali ndi ming'alu yochokera pa bowo lililonse, ulusi wa m'kati uli lendelende ngati ndevu. Ataikankha ndi sikuludiraiva mng'alu umodzi unayasama mpaka kuonekera mbali ina. Kasitomala akanabwera ndi mphira yotere akanamukalipira mpaka pageti.

Lamulo lawo loyamba, limene analiphunzira asanamere ndevu, linali lakuti usanakhudze bawuti, lemba choko. Shafiti imafuna kubwerera momwe inalili. Zala zake ndi zitatu, choncho ingathe kumangidwa m'njira zitatu, koma imodzi yokha ndi imene inazolowerana ndi giyabokosi. Ukaphonya, galimoto iyenda ndithu, koma pa sikisite madzi m'kapu ayamba kuvina. Anatulutsa choko m'thumba n'kulemba mzere woyera kuchokera pa chala cha giyabokosi kufika pa chala cha shafiti. Kenako anamasula mabawuti onse asanu ndi limodzi, kukankhira shafiti m'mbuyo, mphira yakale n'kugwera pachifuwa pawo.

Ntchito ikanathera pomwepo, kungoika yatsopano. Koma anayang'ana zala za shafiti zija, zitakutidwa ndi girizi wosakanikirana ndi fumbi la zaka zambirimbiri, n'kuganiza kuti mwana uja asadzanene kuti ngakhale galimoto yawalaka kusamala. Anakokera pafupi kabeseni ka palafini ndi kansanza. Ankati angopukuta pang'ono.

M'galaja munali phee. Dzuwa linkalowa pa timabowo ta malata n'kugwera pansi ngati timabatani toyera. Kuseri kwa khoma akazi awo ankang'ung'udza kanyimbo kopanda mawu, mng'ono wawo akuwapesa tsitsi. A Kapu anamvetsera, ndipo osadziwa anali atanyamuka kale. Anali mumsewu wa mitengo uja, koma mitengo inali ifupiifupi, yongodzalidwa kumene, ndipo mkazi wa pambali pawo sankagona, ankaseka, dzanja lili kunja kwa windo likusewera ndi mphepo. Msewu sunkathera pa thanki ya madzi. Unkapitirira, kukwera, kutsika, kudutsa mitsinje yonse imene ankaiona m'madontho a oyilo. Uku manja ankagwira ntchito yawo: kunyika kansanza, kupukuta, kutembenuza shafiti, kupukutanso, kutembenuzanso.

Atabwerera, zala zitatu zachitsulo zinali mbee, zikuwala. Mzere wa choko panalibe.

Anaunika uku, anaunika uko. Theka la mzere linatsala ku giyabokosi, koma theka lopanda linzake lilibe ntchito, ndipo shafiti anali ataizunguza kangapo, osadziwa kangati. Zaka makumi anayi ndi zisanu osaphonyapo lamulo limeneli, n'kudzaliphonya lero, pa galimoto iyi. Kuyesa njira zonse zitatu kunkafuna kumanga, kubwezera ekizozi, kutsitsa galimoto, kukayenda, kubwera, kukwezanso. Msana wawo unkalola ulendo umodzi wokha patsiku, ndipo nthawi inali itapitirira thu koloko. Anangogona pomwepo pa katoni, misozi ikutsikira m'makutu, poti munthu wogona chagada misozi yake imapita kumeneko.

Ali chigonere choncho, anaona kadontho kofiira pa chala chimodzi cha shafiti. Anaganiza kuti adzicheka, ndi magazi. Anayang'ana manja awo, analibe bala. Anapukuta ndi kansanza, kadonthoko sikanachoke. Anakakanda ndi chikhadabo. Kanali kouma gwa, kosalala, kofiira psuu.

Apo anakumbukira. Kanali koyamba kusintha mphira pa galimoto imeneyi, mwana wawo akadali wa zaka zitatu. Choko chinasowa, mwanayo atachithera kujambula nkhuku pakhoma, ndipo iwo ankalalata ali pansi pa galimoto. Akazi awo, atavala kale diresi yopitira ku ukwati wa mnzawo, anati, "A Girizi, phokoso lonseli n'la choko?" Anagwada, kukwawira pansi pa galimoto ndi diresi yomweyo, kabotolo ka penti wa zikhadabo kali m'manja. "Ndipake pati? Nayonso itchene." Anadontheza kamodzi uku, kamodzi uko, atagona phewa ndi phewa ndi amuna awo, akuseka kuti tsitsi lawo latha ntchito. Ku ukwati anafika mochedwa. Kabotolo kaja sikanabwererenso kuchipinda. A Kapu anaona kuti penti ameneyu sachoka ngati choko, n'kumupaka pa magalimoto a makasitomala mpaka kutha, ndipo anakalipiridwa mwezi wathunthu.

Chichokere nthawi imeneyo mphira anaisinthapo kawiri, akulemba choko pamwamba pa litsiro, mothamanga, osapukuta. Ndipo poti nthawi zonse ankabwezera shafiti momwe anaipezera, madontho aja anayenera kukhala akuyang'anizanabe mpaka m'mawa wa tsiku limenelo. Anatenga kansanza n'kuyamba kutsuka zala za giyabokosi. Choyamba panalibe kanthu. Chachiwiri panalibe kanthu. Pa chachitatu, pansi pa girizi wouma, kanatuluka kadontho kanzake.

Mphira yatsopano anaiika mosamala ngati akuveka mwana. Timivi tolembedwa m'mbali mwake anatiyang'anitsa ku zala zachitsulo, monga zimafunikira. Anagwirizanitsa dontho ndi dontho. Pomanga ankazunguza nati yokha, bawuti ataigwira nji ndi sipanala ina, kuti mphira isapotoke. Ali pa bawuti yachinayi anaona nsapato ziwiri zitaima pakhomo la galaja, ndi kunsi kwa chikwama.

"A dalaivala, kodi lero tinyamuka?"

"Mawa, amayi," anayankha ali pansipo. "Mawa ndithu ndikukafikitsani."

Anamaliza dzuwa litapendeka, msana utauma moti potuluka anachita kukwawa. Mlamu wawo anatsanzika kuti akapeze basi, ndipo mayiwo sakanasiyidwa okha, choncho galimoto inagona yosayesedwa.

Lamlungu mwana anafika ndi sutikesi yopanda kanthu. Sanaibise, anaiika pakhonde. Itakwana fili koloko amayi ake anavala nsapato n'kukaima pageti. A Kapu anavala chipewa, kutulutsa galimoto, kutsegula chitseko. Mwanayo anakhala kumbuyo. Kenako bamboyo anabwerera m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ya galasi, madzi atatsala pang'ono kudzaza, n'kuikhazika pakati pa mipando.

"Usandikhulupirire ine," anauza mwana wawo. "Uziyang'ana madziwa."

Ponyamuka sipanamveke gu. Anadutsa pamsika, analowa pansi pa mlatho wa sitima, natulukira mumsewu wa mitengo. Muvi unakwera, fote, fifite. A Kapu anaponda pang'ono, muvi n'kukhala pa sikisite. Sanayerekeze kuyang'ana kapu. Anayang'ana pa galasi loonera kumbuyo, ndipo anaona mwana wawo ataweramira kutsogolo, maso ali pansi pakati pa mipando, osaphethira. Patapita kanthawi mwanayo anatsamira kumbuyo n'kutulutsa mpweya. Apo ndi pamene iwonso anaponya diso. Madzi anali bata, mithunzi ya mitengo ikudutsamo umodzi umodzi.

Akazi awo anali asanagone. Ankayang'ana manja awo pamwamba pa chikwama, zikhadabo zoyera, zowengedwa zifupizifupi kuti asamadzikande. A Kapu sanayembekezere yankho, anazolowera kulankhula okha. Anangonena poti mtima unali utadzaza.

"Amayi, dzulo ndapeza madontho anu awiri ofiira pansi pa galimotoyi. Akadalipo. Ndi amene andithandiza."

Mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi inadutsa. Kenako mayiwo anatembenuka, n'kuwayang'ana bamboyo kuyambira pachipewa mpaka pa manja akuda ogwira chiwongolero, ndipo pakamwa panapindika ngati kale.

"Munandithera botolo lonse, a Girizi," anatero. "Musaganize kuti ndinaiwala."

Anatsamiritsa mutu pa galasi n'kutseka maso. A Kapu anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, poti msewu unali utayamba kuoneka mwachimbuuzi. Ankadziwa kuti pageti adzakhalanso a dalaivala, ndipo sanadandaule. Thanki ya madzi inaonekera kutsogolo, pamene ankakhotera masiku onse. Anayamba kuchepetsa liwiro, koma dzanja la mwana wawo linawagwira paphewa.

"Musakhote, ababa," ananong'ona. "Pitirirani pang'ono. Asiyeni agone."